Kadernu ya Rozita ndi Atsikana Ouluka

Lachinayi, 6 Juni 2024

Lero m'mawa ndinali pakhonde kuno ku Chifunde ndikutong'ola chimanga, pomwe iwe Tereza mwana wanga unatulutsa katoni ya makadernu anga akale, mabuku olembamo aja, pansi pa bedi n'kufunsa ngati uitenthe, poti chiswe chalowamo. Ndinakuletsa mwaukali pang'ono, undikhululukire. Makadernu amenewo ndinayamba kuwalemba ndili kamtsikana pa sukulu ya mishoni, chifukwa pakamwa panga panali polemera, ndipo pepala silinkandiyang'ana m'maso. Mukundidziwa ana anga, mpaka lero mlendo akafika ndimapeza chochita kuseri kwa nyumba. Koma chiswecho chandikumbutsa kuti mapepala sakhalitsa, choncho ndayamba kukusankhirani zimene ndikufuna mudzazidziwe za ntchito yanga ya uphunzitsi.

1995, sukulu yoyamba

Ananditumiza ku kasukulu kofolera ndi udzu, ulendo wa tsiku lathunthu pa njinga. Anthu anali atangobwerera kumene kuchokera kothawa nkhondo, ena ku Malawi, ena ku Zambia, ndipo ana awo ankanditchula Madamu m'malo mwa Senyora Pulofesora. Chipwitikizi sankachidziwa ngakhale moni. Ankakhala pa mitengo yogoneka, makadernu ali pamaondo. Choko chikatha tinkalemba ndi chinangwa chouma pa thabwa lopaka makala, ndipo ana anjala ankanyambita tizidutswa takugwa. Mkulu wa sukuluyo, a Diretori Zuze, anali munthu wamtali wokonda nthabwala. Sabata yoyamba isanathe anandiitana nati, "Senyora, ana akumbuyo akuti amangoona milomo ikugwedera ngati ya mbuzi yobzikula. Mawa mukaime pachulu icho, ine ndikhala pansi pa mtengo uwo. Muziwerenga, ndikapanda kumva muzibwereza." Tinachita zimenezi mwezi wathunthu, amayi opita kumunda akutiseka. Mawu olankhulira ana ndinawapeza pachulu pamenepo. Koma olankhulira akuluakulu sanabwere.

2003 mpaka 2016

Zaka zimenezi ndinali kuno ku Chifunde, ndipo ndi kuno kumene tinaika bambo anu. Mkulu wathu anali mayi wosaseka, amene ankaima pachipata ndi wotchi m'manja. Ataona kalembedwe kanga anandiika kukhala mlembi wa misonkhano ya aphunzitsi. Ndinakondwa kwambiri, chifukwa mlembi safunsidwa maganizo. Mabuku ankafika mochedwa lole ikatitimira m'matope, ndipo buku limodzi ankaunjikanapo ana asanu, ena akuwerenga mozondoka. Zinthu zambiri zosalongosoka ndinaziona, ndinazilemba bwinobwino ndi tsiku lake pamwamba, koma dzanja sindinakwezepo ndi kamodzi komwe. Mu 2017 anandisamutsira ku sukulu ina ya m'dera la Mualadzi, ndipo ndinadziuza kuti ndikamalizira kumeneko mwakachetechete ngati mmene ndinayambira.

Lolemba, 9 Okutobala 2023

M'kalasi yanga yomaliza, ya ana oyembekeza mayeso olowera ku sekondale, munali mtsikana dzina lake Rozita, mwana wa a Fausitino, akatekisita a pamudzipo. Ankakhala pakona pafupi ndi zenera. Yankho akulidziwa ankalilemba m'mphepete mwa tsamba, osalinena. Tsiku limenelo malo ake anali opanda munthu, ndipo pa nthawi yopuma a Diretori Mateyu anandiitanitsa ku ofesi. Patebulo panali kadernu yachikuto chobiriwira. Anaitsegula ndi nsonga ya cholembera, osaikhudza ndi chala, nati ndiwerenge.

Kalembedwe kanali ka Rozita. Panalembedwa kuti, "Lero ndatembenuza kamfungulo kanga m'mwamba, zovala zanga zasintha. Ndauluka pamwamba pa madenga, palibe wandiona." Tsamba lina, cha m'munsi, linati, "Ndalowa m'nyumba ya a Nabanda chitseko chili chotseka. Mwana ali gone pamphasa."

A Nabanda anali oyandikana nyumba ndi a Fausitino, ndipo mwana wawo wa zaka zitatu, Mariya, anali atadwala masabata awiri mpaka kugonekedwa kuchipatala. Mnzake wina wa Rozita anabwereka kadernuyo, mayi a mnzakeyo anaipeza, ndipo Lamlungu inawerengedwa pamaso pa anthu atatuluka m'mapemphero. Kwathu kuno munthu wouluka ndi kulowa m'nyumba yotseka ali ndi dzina limodzi lokha.

"Makolo ati akamuonanso pano achotsa ana awo onse," anatero a Diretori. "Bambo ake avomera kumutumiza kwa azakhali ake. Pepala ili likunena kuti makolo ake apempha kuti asamutsidwe. Sainani apa monga mphunzitsi wa kalasi."

Ndinafunsa chapansipansi ngati kwa azakhaliwo kuli sukulu. Tonse tinkadziwa kuti kulibe, ndiponso kuti mtsikana wa msinkhu umenewo akakhala pakhomo chaka chimodzi, chachiwiri amamupezera mwamuna.

"Senyora, mapepala anu a reforma ali m'dirowa muno, akudikira dzanja langa kuti mukapume pa ntchito. Zaka zonsezi simunapalamulepo kanthu. Musayambe tsopano."

Sanali munthu woipa, ankangoopa kutsala ndi makalasi opanda ana. Ndinapempha kuti andipatse mpaka Lachisanu, ndi kuti ndibwereke kadernuyo. Ndikuuzeni zoona ana anga, nanenso ndinkaopa. Ndinaikulunga m'chitenje, pamwamba ndinaikapo korona yanga yopempherera, ndipo panjira ndinainyamula kutali ndi chifuwa. Nditafika kunyumba ndinakhala pamthunzi n'kuiwerenga kuyambira tsamba loyamba. Masamba oyambirira ankanena za sitima zoyenda pansi pa nthaka, nyanja, nyumba zosanjikiza, ndi mayina amene lilime langa linalephera. Pamwamba panalembedwa Gawo 1, Gawo 2, mpaka Gawo 6. Kuyambira Gawo 7 sitima zinatha, m'malo mwake munali mjigo wathu, chigayo, ndi mayina a anthu a pamudzi.

Lachiwiri, 10 Okutobala

Nditaweruka ndinapita kwa a Fausitino. Anandilandira ndi ulemu, koma nkhope yawo inali ngati ya munthu wochokera kumaliro. Rozita ndinamupeza kuseri kwa nkhokwe, maso atatupa. Ndinakhala naye pansi osamufunsa kanthu, chifukwa ndikudziwa kuti anthu ngati ife mafunso amatitseka pakamwa. Kenako ananong'ona.

"Ndi dezenyu, Senyora. Ya pa telefoni ya achemwali."

Dezenyu ndi zithunzi zojambula pamanja zimene zimayenda ndi kulankhula ngati kanema. Achemwali akewo, Jasinta, amagulitsa chakudya kwa oyendetsa malole ku malire a Cassacatiza, ndipo anabwera kudzacheza pa tchuthi cha Ogasiti. Ndinamufunsa Rozita chifukwa chimene sanawauzire bambo ake zimenezi. Anati, "Ndinatsegula pakamwa, koma palibe chinatuluka."

Nditawafotokozera a Fausitino anapukusa mutu. "A Pulofesora, ine ndaima pamaso pa anthu zaka zonsezi kuwaletsa kupita kwa asing'anga. Lero akundiloza chala kuti m'busa wasunga fisi m'khola. Chabwino, tinene kuti ndi zidole za pa telefoni. Nanga zidolezo zimaidziwa bwanji nyumba ya a Nabanda?" Kadernuyo ndinali ndisanamalize kuiwerenga, choncho ndinangotsanzika.

Lachinayi, 12 Okutobala

Ndinasiya kalasi m'manja mwa mnzanga n'kukwera mota, njinga yamoto ija, kupita ku Cassacatiza. Fumbi linali loti ndinafika ndili wofiira ngati chulu. Jasinta ndinamupeza akukazinga nkhuku pafupi ndi mzere wa malole. Atamva nkhaniyo anayamba kuseka, koma kusekako kunathera m'misozi.

"Ndi za ku Japani izi, Senyora! Poyamba anapanga jogu, masewera a pa telefoni, a atsikana asanu amatsenga olimbana ndi zimithunzi. Ndiye mu jogumo muli kamtsikana kena kamene kamangoima kumbuyo, konyamulira anzake zikwama, sikalankhula n'komwe. Anthu anakakonda, ndiye anakapangira dezenyu yakeyake, nthambi chabe ya nkhani yaikuluyo. Rozita atakaona anati, achemwali bwezeraninso. Batire linatha katatu tsiku limenelo."

Anandikhazika pa kireti n'kundigwiritsa telefoniyo. Ine nkhalamba ya zaka pafupifupi makumi asanu ndi limodzi, ndinaonera zidole masana onse oyendetsa malole akundisuzumira paphewa. Atsikanawo anali ndi maso aakulu ndi tsitsi lamitundumitundu. Ankalankhula chilankhulo chawo, mawu a Chipwitikizi akuthamanga m'munsi. Kamtsikana kachete kaja kanali ndi kamfungulo m'khosi. Kakakatembenuza m'mwamba, zovala zake za sukulu zinkasintha, n'kuuluka kupita kumene chimthunzi chakhalira munthu wodwala kapena wachisoni. Kumenya nkhondo sikankatha ngati anzake aja. Nthawi zambiri kankangokhala pambali pa munthuyo mpaka chimthunzicho chitatopa. Ndinatsegula kadernu pamaondo n'kumalondola ndi chala. Gawo 1 linali lomwelo, sitima yomweyo, nyanja yomweyo. Rozita ankazilemba m'Chinyanja kuti anzake, amene sankatha kuwerenga Chipwitikizi chothamangacho, amve nawo. M'telefonimo munali magawo asanu ndi limodzi okha. Atatha, anzakewo anamuumiriza kuti apitirize, ndipo iye, posadziwa za ku Japani, anapitiriza ndi mudzi umene ankaudziwa.

Ndinamupempha Jasinta kuti apite akafotokoze yekha. Anakana. "Ababa sandimvera ine, amati malire anandiononga. Ndikapita ndikangoonjezera moto. Tengani telefoniyi, inu amakupatsani ulemu." Anandiphunzitsa posindikiza, ndipo chala changa chinalakwitsa kangapo mpaka wa lole wina anati, "Amayi, mukuisindikiza ngati mukupha nsikidzi, ingoikhudzani."

Lachisanu, 13 Okutobala

A Diretori anali atakonzeratu pepala ndi cholembera. Ndinaima pakhomo la ofesi. Ndinaganiza za reforma yanga, za kanyumba kano kamene kanali kasanafoleredwe, za inu. Kenako ndinamva mawu anga akuti, "Sindisaina, a Diretori." Anandiyang'ana ngati mpando walankhula. Ndinawaonetsa telefoni ndi kadernu, anaonera pang'ono, nausa moyo.

"Ine mwandikhutiritsa, koma ana si anga. Lamlungu mukalankhule nokha kwa makolo. Ine ndikangokhala nawo, sindikakuthandizani. Akakana, pepalali lipita ndi dzina lanu kapena popanda dzina lanu, ndipo za reforma yanu tidzaona."

Lamlungu, 15 Okutobala

M'mawa umenewo sindinadye. Atatha mapemphero, a Fausitino analengeza ndi mawu ouma kuti a Pulofesora ali ndi mawu, ndipo anthu anakhala pansi pa mtengo wa mango kunja kwa tchalitchi. Rozita kunalibe, anamusiya kunyumba. Nditaima, maso onse anali pa ine, ndipo moni wanga sanamveke. Wina kumbuyo anakuwa, "Kwezani, a Pulofesora!" Ndinasankha munthu wakutali kwambiri, mayi wina woyamwitsa amene anakhala pafupi ndi mpanda, n'kuyamba kulankhula ngati ndikuuza iye yekha.

Ndinafotokoza za jogu ndi dezenyu, kenako ndinatsegula telefoni. Dzuwa linkawala kwambiri, ndiye amayi anaifunditsa chitenje n'kumalowetsamo mitu anayianayi. Inayenda dzanja ndi dzanja. Bambo wina wachikulire ataisuzumira anati, "Maso onsewa ngati a kadzidzi, ndiye mukuti si afiti?" Mayi wina anayankha, "Mfiti yanji yovala masokosi?" Mnzake anaonjeza, "Ine changa ndi kasiketiko. Kafupi chonchi, n'kumauluka nako pamwamba pa amuna a eni?" Anthu anaseka, ngakhale a Diretori anabisa pakamwa. Ndinawerenga Gawo 1 mokweza telefoni ikuonetsa zomwezo, ndipo ndinaona mitu ikuyamba kugwedera.

A Nabanda okha sanaseke. Anaimirira, namanga chitenje, nati, "Za azungu anuzo ndazimva. Koma mwana wanga sali mu telefoni. Mwana wanga wagona kuchipatala ndi madzi m'mkono. Nyumba yanga yalowa bwanji m'buku limenelo?"

Linali funso lomwe lija la a Fausitino, koma tsopano yankho ndinali nalo, chifukwa kadernuyo ndinali nditaiwerenga mpaka kumapeto. Ndinafunsa amene anaiwerenga Lamlungu lapitalo kuti analekezera pati. Anavomera kuti analekezera m'munsi mwa tsamba, pa mawu akuti mwana ali gone pamphasa, chifukwa anthu anayamba kukuwa ndipo iye anaiponya pansi. Palibe anatembenuza tsambalo. Ndinapempha a Nabanda kuti andilole kuwerenga kuseri kwake. Anangoti, "Werengani."

Ndinakopera mawuwo m'kadernu yanga, ndiye ndiwalemba monga analili: "Chimthunzi chakhala pachifuwa pa Mariya. Ndachiuza kuti choka, uyu ndimamubereka ine popita kumjigo. Chakana. Ndiye ndakhala pansi, ndamugwira dzanja, ndamuimbira nyimbo ya nkhuku imene amaikonda. Ndimafuna kupita masana kukamuona ngati anthu ena, koma pakhonde pamakhala akuluakulu ambiri ndipo ndimachita manyazi kupereka moni. Dzulo ndinafika pa papaya n'kubwerera. Mulungu, Mariya achire."

Ndinawaonetsanso tsiku limene linalembedwa pamwamba pa tsamba. Mariya anali atadwala kale masiku asanu pomwe Rozita ankalemba zimenezi.

A Nabanda anakhala chiimire. Kenako anati, "Bwerezani." Ndinabwereza. Anakhala pansi pang'onopang'ono. "Nyimbo ya nkhukuyo n'zoona, amamuimbira. Ndipo pa papaya ndinamuona, ndinkayesa akuzonda nyumba." Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, nayang'ana mayi ake a Rozita. "Nanga osangolowa bwanji, chitsiru cha mwana? Mariya wakhala akumufunsa."

Sindinganame kuti onse anakhutira. Bambo wa kadzidzi uja anachoka akung'ung'udza kuti mfiti yophunzira imalembanso pemphero. Mabanja awiri analetsa ana awo kukhala benchi limodzi ndi Rozita mpaka chaka chinatha. Koma ochotsa mwana pa sukulu panalibe. A Fausitino anabwera, natenga kadernuyo ndi manja awiri, nati aisunga iwo, ndipo nkhani zouluka zithere pomwepo. Kenako anatsitsa mawu, "Ine ndimawerengera anthu Mawu sabata iliyonse, koma tsamba la mwana wanga sindinalitembenuze." A Diretori anapinda pepala lija n'kuliika m'thumba, ndipo sindinalionenso. Mapepala anga a reforma anawasaina mwezi wotsatira osanenapo kanthu. Mariya anali kale pa mankhwala a malungo, ndipo anachira. Rozita analemba mayeso, panopa ali ku sekondale kuno ku Chifunde. Amadutsa pachipata chathu, ndipo moni wake muyenera kutchera khutu kuti muumve.

Koma tsiku limenelo zonsezi sindinkazidziwa. Anthu atabalalika ndinakhala pa muzu wa mango thukuta lili chuchuchu, mtima uli myaa ngati munthu wotula mtolo wa nkhuni zaziwisi. Mayi ake a Rozita anabwera, nagwada pambali panga, nandigwira dzanja. Atathokoza ananong'ona kuti vuto latsala limodzi. Mwanayo anali atanena kale kuti ngakhale amulole, ku sukulu sapitanso, chifukwa njira imadzera pamjigo, ndipo pamjigo m'mawa pamakhala amayi onse a pamudzi.

Nditafika kunyumba ndinamwa madzi makapu awiri, ndinaika telefoni ya Jasinta pamalo abwino kuti ndimutumizire, ndipo ndinatenga kadernu yanga. Pansi pa tsikulo ndinalemba mizere iyi: "Mawa ndilawira kwa a Fausitino kukamutenga Rozita. Sitidzera njira yam'munda. Tidzera pamjigo pomwepo, nditamugwira dzanja, ndipo moni ndiyamba kupereka ndine, mokweza, kwa mayi aliyense ndi dzina lake."